Kalata yotseguka kwa atsogoleri a British Columbia: funsani eni nthaka makina asanalowe m'tchire

Kwa olemekezeka a David Eby, mtsogoleri wa boma la chigawo cha British Columbia,
kwa olemekezeka a Adrian Dix, nduna yoona za magetsi ndi gasi,
ndi kwa akuluakulu a BC Energy Regulator, bungwe lopereka zilolezo za ntchito za gasi ndi mafuta.

Olemekezeka, landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kuti muli bwino, inu pamodzi ndi onse amene akukuthandizani kusenza udindo woyendetsa chigawo chino.

Ine ndine Mmalawi wokhala mumzinda wa Prince George, pa nthaka ya anthu a Lheidli T'enneh. Ndine wobwera, ndipo sindikulankhulira eni nthaka, mitundu imene inali kuno azungu asanafike. Iwo ali ndi mafumu awo, ndipo akhala akukuuzani zimenezi kwa zaka zambiri, momveka bwino kuposa mmene ine ndinganenere. Komabe msonkho ndimakhoma, magetsi a BC Hydro ndimayatsa, ndipo kukazizira ndimadalira gasi ngati wina aliyense. Zimene zikuchitika kuti magetsi ndi gasi zifike m'nyumba mwanga zikuchitika m'dzina langanso. N'chifukwa chake ndalemba, ndipo ndalemba m'Chichewa kuti abale anga amene akhazikika ku Canada kuno, ena a iwo ovota kale, amve nkhaniyi m'chilankhulo chimene amalirira nacho maliro.

Chandidzutsa ndi ichi. Mu Meyi 2025 nyumba ya malamulo ku Victoria inavomereza Bill 14 ndi Bill 15, malamulo ofulumizitsa zilolezo za ntchito zikuluzikulu. Atsogoleri a eni nthaka a m'bungwe la First Nations Leadership Council anakupemphani kuti muwabweze kaye mukambirane, koma simunawabweze, ndipo Bill 15 inadutsa chifukwa cha voti ya sipikala, mavoti atafanana. Ntchito zisanu ndi zinayi zopanga magetsi ndi mphepo zinachotsedwa pa kauniuni wamkulu wa zachilengedwe. Mwezi wotsatira ofesi ya boma lanu younika za chilengedwe inagamula kuti paipi ya gasi ya Prince Rupert Gas Transmission ipitirire ndi setifiketi ya zachilengedwe imene inapatsidwa mu 2014. Uthenga wake ndi umodzi: tikufulumira. Ndiye ndikufunsa kuti m'liwiro limeneli, ndani adzaime kuti aone manda, mabwinja ndi njira za makolo zimene zili pamene makinawo adzadutse?

Choyamba ndikukumbutseni za anthu a Cheslatta, chifukwa nkhani yawo ndiyo muyeso wa zimene liwiro limachita. Mu 1952 kampani ya Alcan inamanga damu la Kenney pa mtsinje wa Nechako kuti ipeze magetsi oyendetsera fakitale yake ya aluminiyamu ku Kitimat. Anthu a Cheslatta anauzidwa kuti asamuke patangotsala masiku owerengeka, madzi atayamba kale kukwera. Ananyamula zimene akanatha kunyamula, ndipo nyumba zimene anasiya zinatenthedwa. Akufa awo anatsala. Pamene madzi anayamba kutulutsidwa kudzera pa Skins Lake kulowa m'nyanja ya Cheslatta, anakokolola manda. Mabokosi a maliro anayandama panyanja. Mibadwo yapita, koma adzukulu a anthu aja akhala akutola mafupa a agogo awo m'mphepete mwa nyanjayo n'kukawaikanso m'manda.  Abale a ku Zambia ndi Zimbabwe sakufunika kuwafotokozera zambiri, pakuti damu la Kariba linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 m'zaka zomwezo za m'ma 1950, ndipo manda awo ali pansi pa madzi mpaka lero.

Mudzanena kuti zimenezo n'zakale, masiku ano kafukufuku amachitika. Zoona, amachitika. Dandaulo langa lachiwiri n'lakuti amachitika mochedwa, mzere utajambulidwa kale pa mapu ndipo ndalama zitalonjezedwa kale.

Taonani paipi ya Coastal GasLink, yotalika makilomita 670, yochoka kufupi ndi Dawson Creek kukafika ku Kitimat. Mafumu a mtundu wa Wet'suwet'en, aja olowa ufumu motsata mwambo wa mabanja awo, sanangokana chabe. Analoza njira ina yoti paipiyo idutse popanda kulowa m'malo amene iwo amawasunga kwambiri. Kampani inakana ponena kuti njirayo ndi yaitali, yodula ndiponso yochedwetsa ntchito. Kuyambira pamenepo kafukufuku aliyense anasanduka wofufuza m'kati mwa mzere umene unasankhidwa kale. Mu February 2019 a Wet'suwet'en a ku msasa wa Unist'ot'en anapeza zida zamiyala pamalo amene makina anali atapalapo kale. Ntchito inaima pang'ono, kenako bungwe lanu, limene nthawi imeneyo linkatchedwa Oil and Gas Commission, linanena kuti zidazo zikuoneka kuti sizinali pamalo ake enieni, ndipo ntchito inapitirira. Mu July chaka chomwecho kampaniyo inavomereza yokha kuti inalambula malo awiri kafukufuku wa zakale asanamalizidwe. A Wet'suwet'en anadandaulanso kuti njira yawo yakale ya Kweese, imene ili m'mbiri ya makolo awo, inadulidwa. Apolisi a RCMP analowa m'deralo ndi mfuti mu 2019, mu 2020 ndi mu 2021, n'kumanga anthu amene ankatchinga msewu.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti anthu omwewa ndi amene anapambana mlandu wa Delgamuukw mu 1997, pamodzi ndi a Gitxsan. Khoti lalikulu la Canada linanena kuti mbiri yosungidwa pakamwa, nyimbo ndi nkhani za makolo, ndi umboni wolandiridwa m'khoti mofanana ndi zolembedwa. Ngati oweruza a ku Ottawa anavomereza kumvera gogo akuimba malire a dziko la banja lake, n'chiyani chikuletsa ofesi yopereka zilolezo kuchita chimodzimodzi? Ndikudziwa kuti makhonsolo osankhidwa 20 a m'njira ya paipiyo anasaina mapangano ndi kampani, ndipo sindikuwanyoza, chifukwa anali ndi zifukwa zawo ndi anthu awo ofuna ntchito. Koma kusainitsa mbali imodzi n'kumati mtundu wonse wavomera ndi kugawanitsa mudzi, ndipo mabala ake sapola msanga.

Chachitatu ndi mmene kafukufukuyo amachitikira, ndipo apa ndikunena zimene ndinaona ndi maso anga. Ndinagwirapo ganyu ndi gulu lina lofukula zakale kumpoto chakum'mawa kwa chigawo chino. Ntchito imayambira pa kompyuta mu ofesi, pamene katswiri amalemba pa mapu malo amene akuganiza kuti anthu akale akanakhalapo: timitunda touma, m'mbali mwa mitsinje, pamene munthu angaone patali. Kenako gulu limapita kukakumba timaenje ting'onoting'ono ndi fosholo, kutsatira maliboni amene oyeza malo anamanga pamitengo. Dothi limathiridwa mu sefa, wina n'kumagwedeza, maso ali tcheru kufunafuna kachibenthu ka mwala kamene kanagwa pamene munthu ankasema mpaliro. Ukakapeza umamva kutentha m'thupi, chifukwa wagwira chinthu chimene dzanja la munthu linasiya zaka zikwi zapitazo. Anthu ogwira ntchitoyi ambiri ndi achilungamo ndipo amaikonda. Koma nthawi imene amapatsidwa imachokera pa kalendala ya kampani yomanga, ndipo malipiro awo amachokera m'thumba la kampani yomweyo. Makina olemera amakonda kulowa nthaka itauma gwaa ndi kuzizira, choncho nthawi zina ofukula amatumizidwa chipale chofewa chili m'maondo, n'kumadula nthaka ndi macheka kuti akaisungunule kwina. Munthu angaone bwanji kanjira kakale, kapena kadzenje kosungiramo nyama youma, zonse zitakwiririka?

Tsiku lina tinali ndi mayi wina wachikulire wa m'deralo, wotumidwa ndi mtundu wake kuti azitiyang'anira. Anatiimitsa pa kadambo kamatope kamene ife tikanangodutsa. Anatisonyeza mapazi a nyama zikuluzikulu zotchedwa moose, n'kutiuza kuti pamenepo nyamazo zimabwera kudzanyambita mchere, kuti bambo ake ankazidikirira pakamtunda kapafupi, ndipo agogo ake asanabadwe zinali choncho. Tinakumba timaenje tathu, sefa sinagwire kanthu, ndipo pa fomu panalembedwa kuti sipanapezeke chilichonse. Fomuyo sinaname, koma inasiya chinthu chokhacho chimene chinali chofunika pamalopo. Sefa sigwira malo othyolako zipatso, sigwira chitsamba cha mankhwala, sigwira malo opempherera, ndiponso sigwira dzina la phiri.

Zimenezi zimayenera kugwidwa ndi kafukufuku winayo, wofunsa akuluakulu mmene mtundu wawo umagwiritsira ntchito nthaka. Koma nayenso amathamangitsidwa. Amasonkhanitsa akuluakulu ochepa mu holo, n'kuwayalira mapu patebulo kuti azungulize ndi cholembera pamene amasaka, pamene amatchera misampha ndi pamene amawedza. Amene anadwala tsiku limenelo mawu ake sawerengedwa. Malo ena ndi opatulika moti munthu sangawaloze pamaso pa mlendo amene sakudziwa kuti mapuwo akathera m'manja mwa ndani. Mapeto ake mapu amatuluka ndi mipata yoyera, ndipo injiniya akaona mpata woyera amati apa palibe kanthu, tidutse pomwepa.

Chachinayi ndi lamulo lenilenilo loteteza malo akale, Heritage Conservation Act. Chigawo chino chili ndi malo akale olembetsedwa oposa 60,000, ndipo ochuluka kwambiri ndi a eni nthaka. Lamuloli limateteza lokha malo a kale chisanafike chaka cha 1846, chaka chimene Britain ndi America anagwirizana malire awo. Msasa umene banja linamanga mu 1870, kapena mtengo umene agogo anasenda khungwa mu 1900, sizitetezedwa chimodzimodzi, ngati kuti moyo wa anthuwa unatha tsiku limene azungu awiri anasainirana pepala. Manda akale amatchulidwa m'lamulomo, inde, koma amatengedwa ngati malo ofukulako zakale, amene munthu angapemphe chilolezo chowasintha kapena kuwasuntha. Manda a m'tauni ali ndi lamulo lawo lina, ndipo palibe amene angalote zodutsitsa paipi pakati pawo. Kwathu munthu salowa kumanda ndi khasu mfumu isanalole, ngakhale mandawo akhale akale bwanji, ndipo sindinamvepo kuti ulemu umenewu umatha chifukwa wakufayo alibe mwala wolembedwa dzina. Pamwamba pa zonsezi, pa ntchito za gasi ndi mafuta chilolezo chosinthira malo akale chimatuluka ku bungwe lomwelo limene ntchito yake yaikulu ndi kupereka zilolezo zoti paipi imangidwe. Lonjezo lokonzanso lamuloli pamodzi ndi eni nthaka linaperekedwa zaka zingapo zapitazo. Malamulo ofulumizitsa ntchito sanadikire choncho.

Chachisanu, ngakhale kafukufuku atachitika bwino n'kunena zoona, alibe mano. Gulu limene boma la Canada ndi boma lanu linasankha kuti liunike damu la magetsi la Site C pa mtsinje wa Peace linalemba mu Meyi 2014 kuti damulo lidzawononga kwambiri usodzi, ulenje ndi kutchera misampha kwa mitundu ya m'pangano la Treaty 8, limene eni nthaka anachita ndi boma, ndipo kuti zina mwa zowonongekazo sizingakonzedwe. Chaka chomwecho chisanathe damulo linavomerezedwa. Mitundu ya West Moberly ndi Prophet River inapita kukhoti, ntchito ikupitirira. Mtengo wake unafika madola 16 biliyoni, ndipo mu 2024 madzi anadzaza chigwa chotalika makilomita 83. Pafupi ndi chigwa chimenechi, ku Charlie Lake, pali phanga la Tse'K'wa, kumene ofukula anapeza kuti anthu analipo zaka zoposa 12,000 zapitazo, ndipo anapezanso mafupa a makwangwala awiri amene akuoneka kuti anaikidwa dala ndi anthu. Mitundu ya Doig River, Prophet River ndi West Moberly inachita kugula malowo mu 2012 kuti iwasunge. Ngati phanga limodzi linasunga zonsezi, chigwa chonse chinali ndi zotani? Zina zinafukulidwa mothamanga n'kuikidwa m'mabokosi, zotsalazo zamira. Madzi akatayika saoleka.

Pali chinthu chimodzi pa nkhani ya Site C chimene ndikufuna musachiiwale. Msewu wa Highway 29 unajambulidwa kuti udutse pa Cache Creek, pamene mafumu anati pali manda ndi nyumba yawo yopempherera. Atalimbikira, mzere wa msewuwo unasunthidwa. Ndiye kuti mzere ndi wosunthika. Chimene chimasowa si nzeru ya mainjiniya.

Khoti lanenanso kale za vuto loyeza ntchito imodziimodzi. Pa mlandu wa Yahey mu June 2021, woweruza Emily Burke anagamula kuti boma la chigawo chino linaphwanya pangano la Treaty 8 la 1899 pololeza zitsime za gasi, misewu, mapaipi ndi kudula mitengo, chilichonse pachokha chooneka chaching'ono, mpaka anthu a Blueberry River anasowa kosaka. Umboni unasonyeza kuti magawo 73 pa 100 alionse a dziko lawo anali pa mtunda wosapitirira mamita 250 kuchokera pamalo osokonezedwa ndi ntchito zoterezi. Boma silinachite apilo, ndipo pamenepo ndinakuyamikirani. Koma setifiketi ya Prince Rupert Gas Transmission inalembedwa mu 2014, chigamulo cha Yahey chisanabwere, lamulo lanu la 2019 lolandira chikalata cha United Nations cha ufulu wa eni nthaka lisanabwerenso. Mtundu wa Nisga'a uli ndi gawo mu paipiyo, ndipo ndi ufulu wawo. Mafumu a Gitanyow, amene paipiyo idzadutse m'dziko lawo, akukana, ndipo nawonso ndi ufulu wawo. Chikalata chimene munachilandira chija chimanena mu ndime 11 za ufulu wosunga malo akale, ndipo mu ndime 32 chimanena za kupempha chilolezo cha eni nthaka ntchito isanavomerezedwe. British Columbia inali chigawo choyamba m'Canada kuchiika m'malamulo ake, aphungu onse atagwirizana.

Sindikudana ndi magetsi. Ndinakulira kumene magetsi amazima, ndipo ndikudziwa mtengo wake wa mdima. Ndikudziwanso kuti m'ntchito zamphepo zija mitundu ya eni nthaka ili ndi magawo, zimene n'zabwino. Koma kukhala ndi gawo mu kampani sikutanthauza kuti malo oikapo zipilala ndi misewu yake aunikidwa. Choncho, olemekezeka, ndikupempha izi:

1. Kafukufuku wa zakale ndi wa kagwiritsidwe ntchito ka nthaka azichitika njira ya paipi, msewu kapena mawaya isanasankhidwe. Eni nthaka akaloza njira ina, iziunikidwa mofanana ndi ya kampani, ndipo ikakanidwa zifukwa zake zizilembedwa poyera pamodzi ndi mawerengero ake.

2. Kafukufukuyo azitsogoleredwa ndi mtundu wa eni malowo, ndipo iwo azisankha akatswiri ogwira nawo ntchito. Kampani izilipira, koma ndalamazo zizidutsira m'thumba limene kampaniyo siligwira, kuti wofukula asamaope kutaya kontirakiti akapeza chinthu chochedwetsa ntchito. Nthawi yake izikwana nyengo zonse za chaka, chifukwa zimene dziko limasonyeza m'dzinja si zimene limasonyeza m'chilimwe, ndipo akuluakulu azipita okha kumaloko m'malo mongoloza pa mapu mu holo.

3. Mtengo ngakhale umodzi usagwetsedwe lipoti lisanathe ndiponso eni nthaka asanaliwerenge. Kampani imene yalambula malo isanaunike iziimitsidwa ntchito pa gawo lonselo, osati kungopepesa m'nyuzipepala.

4. Malizani kukonza Heritage Conservation Act. Chotsani malire a 1846. Manda a eni nthaka atetezedwe mofanana ndi manda ena onse, ndipo chilolezo chosinthira malo opatulika chisatuluke eni ake asanavomere. Mphamvu yopereka chilolezo chimenechi ichoke ku bungwe lololeza mapaipi.

5. Kumene kuli mafumu a mwambo ndi khonsolo yosankhidwa, mverani onse, ndipo lolani mtunduwo wokha unene amene ali ndi mawu pa dera liti. Zimene akuluakulu aulula zikhale za mtundu wawo, zosagulitsidwa ndiponso zosaperekedwa kwa kampani ina popanda iwo kudziwa. Mpata woyera pa mapu usamawerengedwe ngati chilolezo.

6. Setifiketi imene yatha zaka 10 ntchito yeniyeni isanapite patali iziunikidwanso, poganizira zonse zimene zawonongeka m'deralo kuyambira pamene inalembedwa. Yambani ndi ya Prince Rupert Gas Transmission.

7. Lembani m'malamulo, osati kungonena pa msonkhano wa atolankhani, kuti Bill 14 ndi Bill 15 sizidzagwiritsidwa ntchito kufupikitsa kapena kudumpha kafukufuku ameneyu. Chaka chilichonse muzilengeza kuchuluka kwa malo akale amene asinthidwa kapena kuwonongedwa ndi chilolezo chanu, ndi ntchito zimene zinawawononga.

Abale anga amene mukuwerenga, makamaka inu ogwira ntchito m'misasa ya gasi, oyendetsa mathiraki ndi ophunzira uinjiniya m'makoleji a kuno, funsani dzina la mtundu umene mukukhala pa nthaka yake, ndipo kalatayi muitumize kwa phungu wa dera lanu. Kwa inu olemekezeka, ndikupempha kuti yankho lanu pa mfundo zisanu ndi ziwirizi musalitumize kwa ine. Liperekeni poyera, pamaso pa mafumu a Wet'suwet'en, Gitanyow, Cheslatta ndi mitundu ya Treaty 8, ntchito yolambula njira ya mawaya a North Coast Transmission Line ndi ya paipi ya Prince Rupert isanapite patali.

Ine wanu mwaulemu,
Mmalawi wokhala ku Prince George